Diazepam kwa agogo omwe ali pa fluoxetine: lembani tsiku losiyira

Munthu wazaka zopitirira 65 mukamuyambitsa fluoxetine (mankhwala a matenda a kukhumudwa), masabata awiri oyamba tulo timavuta, nkhawa nayo imatha kukula. Apa m'pomwe azachipatala ambiri amawonjezera diazepam (mankhwala ogonetsa ndi ochepetsa nkhawa), ndiye aliyense wowaona pambuyo pake amangokopera zomwe zili m'buku la kuchipatala, chaka mpaka kutha.

Tsiku lomwe mukulemba mankhwala ogonetsa, lembaninso m'bukumo tsiku losiyira. Lisapitirire masabata awiri, ndipo mapiritsi muwapatse okwanira masiku amenewo basi. Musanafike n'komwe pamenepo, onetsetsani kuti fluoxetine akumwa m'mawa, ndipo funsani za mowa. Ngati lorazepam (mankhwala a gulu limodzi ndi diazepam) alipo, 0.5 mg usiku ndiye bolako, chifukwa sachedwa kuchoka m'thupi.

Diazepam mwa okalamba amakhala masiku angapo m'magazi, ndipo fluoxetine amachedwetsanso chiwindi kumuchotsa. Diazepam amaunjikana pang'onopang'ono. Usiku woyamba zonse zili bwino, koma pakutha sabata agogo adzuka mumdima kupita kuchimbudzi, dzandidzandi, n'kugwa. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewu, ena sayendanso.

Ngati agogo ali pa amitriptyline (mankhwala enanso a matenda a kukhumudwa), ameneyu amagonetsa kale, musasanjikizepo diazepam. Yezani BP atagona ndiponso ataimirira, ndipo abambo muwafunse ngati mkodzo ukutuluka bwino.

Agogo akayamba kusokonezeka mutu, musathamangire kuwonjezera ogonetsa. Yezani sodium (mchere wa m'magazi, womwe fluoxetine amatha kuutsitsa), makamaka ngati akumwanso hydrochlorothiazide (mankhwala a BP okodzetsa). Omwe amwa diazepam miyezi yambiri musawasiyitse kamodzin'kamodzi, angakomoke ngati akhunyu. Chepetsani pang'onopang'ono pa masabata angapo.