Mmene mungayambire ntchito yofufuza nyumba ndi mizinda yakale ya ku Ulaya

Ngati mukufuna kudzakhala mphunzitsi wa pa yunivesite wofufuza mizinda ya ku Ulaya ya zaka za pakati pa 500 ndi 1500, yambani ndi Chilatini, chifukwa zikalata zambiri za misonkho, za malo ndi za matchalitchi zinalembedwa m'chinenerochi, ndipo kuwerenga zolemba pamanja za nthawiyo kumafuna maphunziro apadera. Sukulu ya École nationale des chartes ku Paris, yomwe inakhazikitsidwa mu 1821, imaphunzitsa luso limeneli.

Komatu mabuku okha sakwanira. Pitani ku Chartres, mzinda wa ku France, komwe tchalitchi chachikulu chinamangidwanso moto utachiwononga mu 1194, mukayeze makoma ndi kuyang'anitsitsa tizizindikiro tomwe osema miyala ankagoba pamiyala, kenako mufufuze amene ankalipira amisiriwo ndi komwe ankagona mumzindamo. Mukapeza funso limodzi lotere, mupite nalo kwa pulofesa amene angayang'anire kafukufuku wanu wa PhD.