Dimba la m'zidebe pakhonde: malangizo kwa a lendi mu Harare

Makolo athu akafuna ndiwo ankangotsikira kudimba. Ife ambiri kuno ku Harare tili m'nyumba za lendi ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa kapena Mabvuku, ndipo malo omwe tingawatche athu ndi kakhonde ka simenti ndi kampata ka pakati pa nyumba ndi durawall, mpanda uja wa simenti. Eni nyumba salola kukumba. N'chifukwa chake ndikamayendera mabanja funso silisintha: kodi mpiru ungakule m'chidebe? Umakula bwino ndithu, ndipo tsiku losamuka dimba lanu limakwera lole limodzi ndi bedi. Koma chidebe si munda. M'munda muzu ukamva ludzu umatsika kukafuna chinyezi, chakudya chikachepa umayenda cham'mbali. M'chidebe ukagunda pulasitiki wathera pomwepo, ndipo chilichonse mbewuyo imayembekezera kwa inu.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha ndinafika pakhomo pa mayi wina ku Mufakose. Anali ndi zidebe zisanu za tomato, masamba achikasu, mitengo yolefuka. "Alangizi, ndimathirira m'mawa ndi madzulo, koma onani," anatero akuloza. Ndinapisa chala m'dothi, chinatuluka ndi matope onunkha ngati a m'ngalande. Titapendeketsa chidebe chimodzi tinapeza kabowo kamodzi kokha, nako kotsekeka ndi katondo. Tomatoyo sankafa ndi ludzu ayi, ankamira. Mizu imapuma, ndipo ikakhala m'madzi masiku angapo imaola. Choipa chake n'chakuti mbewu yomira imafota chimodzimodzi ngati youma, ndiye mwini wake amaonjezanso madzi.

Choncho yambani ndi mabowo. Tenthetsani chitsulo chonenepa ngati chala chaching'ono, boolani mabowo asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu pansi pa chidebe cha malita 20, kenaka chikhazikeni pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka momasuka. Ambiri amayala miyala pansi poganiza kuti ikuthandiza. Ine sindilimbikitsa zimenezo. Miyala imangodya malo a mizu, ndipo dothi la pamwamba pake limakhalabe lonyowa. Kachidutswa ka thumba la anyezi n'kokwanira kutchinga dothi kuti lisatuluke. Chidebe chomwe munali penti, oyilo wa galimoto kapena mankhwala musabzalemo zodya. Ndowa zotha, mabeseni ong'ambika, zigubu za mafuta ophikira zodula pamwamba ndi matumba a ufa, zonsezo ndi minda.

Nkhani yaikulu ndi dothi. Kumpoto kwa mzinda uno kuli katondo wofiira, kumadambo kuli makande akuda, ndipo cha ku Chitungwiza ndi Epworth kumachuluka dothi lamchenga. Lililonse mwa amenewa mukalithira lokha m'chidebe limakukhumudwitsani. Katondo amaumbika ngati njerwa mpaka kulekana ndi chidebe m'mbali, moti mukathira madzi amangodutsa mumpatamo osanyowetsa mizu. Makande amasunga madzi mopitirira. Mchenga sugwira kanthu. Sakanizani magawo awiri a dothi la pamwamba, gawo limodzi la manyowa owolerana, ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje. Ngati dothi lanu ndi lamchenga kale, siyani mchengawo muonjezere manyowa. Kuti mudziwe ngati zakhala bwino, nyowetsani pang'ono, fumbatani m'manja, kenaka gunyuzani ndi chala. Likafumbatika koma n'kumwazika mosavuta, ndiye lomwelo.

Pa manyowa ndichenjeze amene amaweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba. Zitosi zongochotsa m'khola n'zaukali, zimaotcha mbande usiku umodzi. Ziunjikeni pakona, muzinyowetse ndi kuzitembenuza kwa miyezi iwiri kapena itatu mpaka zitada ndi kusiya kununkha. Ngati muli ndi feteleza wa Compound D, uja wa 7:14:7, supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri zosakaniza bwino ndi dothi la chidebe chonse n'zokwanira pobzala. Za masamba muzizipatsa feteleza wa AN (ammonium nitrate) pang'ono, kasupuni ka tiyi kosadzaza pa milungu itatu iliyonse, kutali ndi tsinde, kenaka n'kuthirira. Dzanja la kumunda wa chimanga lisabwere pano. M'chidebe feteleza alibe kothawira.

Musapanikize mbewu. Tomato mmodzi, chidebe chimodzi cha malita 20, ndi kamtengo komangirira. Tsabola chimodzimodzi. Repu, mpiru womwe anzathu Achishona amautcha tsunga, ndi covo (ndiwo zamasamba za mtundu wa kabichi koma zosapanga mutu), mitengo iwiri kapena itatu pa chidebe. Covo ndimamukonda chifukwa safuna mbewu yogula: mumangothyola mphukira kwa mnansi n'kuzika, ndipo mumakolola miyezi yambiri. Anyezi wa masamba amakhutira ndi beseni losaya. Bonongwe mungomwaza, amamera ngati wachita kutumidwa. Nkhwani ndiye mavuto, chifukwa dzungu limafuna kuyanga ndipo limamwa madzi ngati ng'ombe; ngati mtima suleka, bzalani limodzi m'thumba lalikulu muliyangitse pa durawall.

Za kuthirira palibe lamulo la masiku. Lamulo ndi chala. Pisani mpaka pa mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi dikirani, mukapeza pouma thirani pang'onopang'ono mpaka madzi atayamba kudontha pansi. M'mwezi wa Juni chidebe chimatha masiku awiri kapena atatu. Mu Seputembala ndi Okutobala tomato wobereka amafuna madzi tsiku lililonse, nthawi zina kawiri. Mukamamusiya kuuma lero n'kumumiza mawa, zipatso zimada ndi kuola kunsi. Anthu amathamangira mankhwala, pamene si matenda: ndi kashiamu, chakudya china cha mbewu chochokera m'dothi, amene akulephera kufika kuchipatso chifukwa madzi akubwera modukizadukiza.

Ndikudziwa kuti mipopi yathu imatha masiku ili gwa, ndipo madzi a pachitsime amabwera pamutu kapena pa wilibala. Ndiye asamaleni. Phimbani pamwamba pa dothi ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza. Unjikani zidebe pamodzi kuti zizitchingirana dzuwa. Madzi otsukira mpunga, ndiwo kapena otsukuluzira zovala komaliza ndi abwino, bola muwathire padothi osati pamasamba. A Jik, a sopo waufa wambiri ndi a mafuta a m'mapoto, ayi. Mukaona zoyera ngati mchere pamwamba pa dothi kapena m'mbali mwa chidebe, palani n'kutaya, ndipo tsiku lomwe madzi abwera thirani ambiri kamodzi kuti atsuke dothilo.

Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndiye nyengo yake ili ndi mbali ziwiri zoopsa. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa mbandakucha, makamaka kufupi ndi madambo, ndipo tomato ndi tsabola amapsa masamba. Apa m'pamene chidebe chimaposa munda: madzulo chikokereni pansi pa denga pafupi ndi khoma, kapena chifunditseni thumba. Khonde loyang'ana kumpoto ndilo limalandira dzuwa nyengo yozizira. Mu Okutobala vuto limatembenuka. Chidebe chakuda chokhala pa simenti kukhoma la kumadzulo chimatentha moti simungachigwire, ndipo mizu ya m'mbali imapsa. Chikulungeni ndi katoni kapena chiguduli, kapena chisunthireni komwe dzuwa limafika m'mawa lokha. Tomato amafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi, za masamba zimapirira ndi anayi. Mvula ikayamba mu Novembala chotsani zidebe pansi pa mathothwe a malata, ndipo mbale zolandirira madzi muzikhuthule kuti udzudzu usaswanemo.

Tizilombo tambiri timabisala kunsi kwa tsamba, choncho muzitembenuza masamba pothirira. Nsabwe zotuwa pa repu ndi covo zikangoyamba, zifikiseni ndi chala kapena zipopereni madzulo ndi madzi osungunuliramo sopo wotsukira mbale, kasupuni ka tiyi pa lita imodzi. Akangaude ofiira amakonda tomato nyengo yotentha ndi youma. Mumawadziwa ndi timadontho totuwa ndi ulusi wopyapyala. Masamba ogwidwa kwambiri athotholeni mukataye kutali. Mankhwala ogula pamsewu m'timabotolo topanda chizindikiro musawayandikize pakhonde pomwe ana amasewera.

Mukazula tomato, yang'anani mizu. Ikakhala ndi timafundo totupa, dothilo lili ndi tizilombo ta m'mizu, musabzalemonso tomato kapena tsabola. Ikakhala yoyera bwino, khuthulani dothi pa thumba, phwanyani zibuma, chotsani mizu yakale, onjezani gawo limodzi mwa atatu la manyowa atsopano, ndipo ulendo uno mubzalemo anyezi kapena mpiru. Kwa mayi a ku Mufakose aja tinachita zomwezo ndi zidebe zitatu. Ziwiri zotsalazo tinangoboola mabowo ena n'kuzikweza pa njerwa, ndipo pomwe mvula imayamba zinali zitaphukanso nsonga zatsopano.