Tizilombo tikalowa m'madzi a m'mimba: zoti osamalira odwala chiwindi adziwe

Chiwindi chikawonongeka kwa nthawi yaitali, kaya ndi hepatitis B kaya ndi kachasu, mimba imadzaza madzi. Madziwo alibe mphamvu yokwanira yolimbana ndi matenda, choncho mabakiteriya a m'matumbo, makamaka E. coli, amatha kudutsa khoma la matumbo n'kukaswana m'menemo popanda bala lililonse. Matenda amenewa, a tizilombo m'madzi a m'mimba, madokotala amawatchula mwachidule kuti SBP.

Kuipa kwake, matendawa amabwera mwakachetechete. Ena thupi limatentha ndipo mimba imapweteka akaigwira, koma ena amangowodzera masana, kulankhula zosokonekera, kukodza pang'ono kapena chikasu kuwonjezeka m'maso. Apa ndi pamene mabanja ambiri amatayira nthawi: amati ndi malungo, ayambe aona kukacha. Musadikire. Kaya muli ku Jali, ku Thondwe kapena ku Domasi, pitani ndi wodwalayo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nenani msanga kuti ali ndi vuto la chiwindi kuti amutumize ku chipatala chachikulu cha Zomba Central. Amene wasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii ndiye ali pachiopsezo kwambiri.

Kuchipatala amabaya kasingano m'munsi mwa mimba n'kutenga madzi pang'ono okayeza. Musakane, chifukwa maso okha sangadziwe: madzi ooneka oyera amatha kukhala ndi tizilombo, komanso TB ya m'mimba imafanana ndi matendawa. Maselo oyera a magazi otchedwa neutrophil akafika 250 pa kiyubiki milimita ya madziwo, amayamba jakisoni wa m'mitsempha, kawirikawiri ceftriaxone, masiku 5 mpaka 7. Pakatha maola 48 wodwala osasintha, amayezanso madziwo.

Chimene chimapha ambiri ndi impso kusiya kugwira ntchito. N'chifukwa chake mankhwala opha ululu a brufen, diclofenac ndi indocid, amene amatha kuwononga impso, ndi oletsedwa. Panado asapitirire magalamu 2 patsiku. Mapiritsi okodzetsa adokotala akhoza kuwaimitsa kaye, musawapitirize mobisa. Yang'anirani kuchuluka kwa mkodzo.

Akatuluka sikuti zatha. Popanda mankhwala oteteza, pafupifupi 7 mwa 10 amadwalanso chaka chisanathe, ndiye ciprofloxacin kapena bactrim amene apatsidwa amwe tsiku lililonse ngakhale akupeza bwino. Mowa ausiyiretu. Mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi patsiku, kuwerengera ndi wa mu nsomba zouma zothira mchere. Mphini za pamimba ayi: khungu lotanukalo silipola msanga, limadontha madzi n'kutsegulira tizilombo njira.