Akakupatsani thalidomide kapena lenalidomide kuti muzikamwera kunyumba

Khansa ya myeloma, ija imagwira mafuta a m'kati mwa mafupa munthu n'kumangodandaula msana, magazi kuchepa, nthawi zina fupa kuthyoka asanagwe n'komwe, mankhwala ake si a dilipi okhaokha ayi. Pali makapisozi omwe adokotala amakupatsani kuti muzikamwera kwanu, dzina lake thalidomide, ndipo ali ndi abale ake awiri, lenalidomide amene ena amangoti Revlimid, ndi pomalidomide. Wachitatuyu ku America anamuvomereza mu 2020 kuti azithandizanso odwala Kaposi, khansa ija ya pakhungu timaiona kwambiri kwathu kuno. Ntchito yawo ndi kudzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chizilimbana ndi maselo a khansa, komanso amatchinga timitsempha tatsopano tomwe khansayo imadyera. Ndi mankhwala othandiza ndithu, koma chimene chimandidetsa nkhawa ine n'choti poti ndi kapisozi anthu amawatenga ngati panado, chonsecho mukangotuluka geti la chipatala cha Queens ku Blantyre udokotala wonse watsala m'manja mwa inu ndi gadiyani wanu.

Tiyambe ndi mimba chifukwa apa palibe zonyengererana. Thalidomide anayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1957 ngati mankhwala ogonetsa tulo, azimayi oyembekezera ankamwanso kuti nseru ileke, pofika 1961 pomwe ankamuchotsa pamsika ana oposa 10,000 anali atabadwa ndi manja kapena miyendo yaifupi, ena opanda n'komwe. Kapisozi mmodzi yekha akhoza kupundula mwana, ndipo zimachitika masabata oyambirira enieni mayi asanadziwe kuti waima. Ndiye mayi amene akadali wobereka ayenera kuyezedwa mimba asanayambe, ayambe kulera masabata 4 asanamwe kapisozi woyamba, apitirize nthawi yonse ngakhale masiku opumira, mpaka masabata 4 atasiya, ndipo aziyezedwa mimba mwezi ndi mwezi. Lupu, jakisoni wa Depo, ka pamkono kapena kutseketsa ndi njira zomwe mungakambirane ndi anesi, kondomu pamwamba pake. Mapilitsi olerera aja a mahomoni awiri sagwirizana ndi mankhwalawa chifukwa onse amaundanitsa magazi. Ngati mukumwanso mankhwala a TB nenani, rifampicin amafooketsa mapilitsi ndi ka pamkono. Msambo ukangodumpha kapena mwakayika chabe, siyani kumwa tsiku lomwelo muthamangire kuchipatala. Zoti ine ndakula ndinasiya kusamba asamaweruze ndi inu, aweruze adokotala, chifukwa matenda ndi mankhwala amatha kuimitsa msambo munthu akadali wobereka. Kuyamwitsanso ayi.

Azibambo musaone ngati sizikukukhudzani. Mankhwalawa amapezeka mu umuna, ndiye kondomu nthawi zonse, ngakhale munatseketsa, ngakhale ndi mayi a kunyumba omwe mwakhala nawo zaka zambiri. Mapepala ena a mankhwalawa amati mupitirize sabata imodzi mutasiya, ena amati masabata 4, ine ndingati tsatirani 4 yo. Ndikudziwa kuti m'banja nkhani ya kondomu imabweretsa mafunso, wina n'kumaganiza kuti pali chomwe mukubisa, n'chifukwa chake ndi bwino tsiku loyamba mulowe awiri kwa adokotala amve okha. Ndipo ngati kuli wina kuseri, lamuloli ndi lomwelo.

Kamwedwe kake sikovuta. Thalidomide imwani usiku pokagona, patadutsa ola limodzi mutadya nsima, chifukwa amabweretsa tulo kwambiri. Mezani wathunthu ndi madzi odzadza kapu, osatafuna, osatsegula n'kuthira m'phala. Lenalidomide nthawi zambiri amamwedwa masiku 21 kenako kupuma masiku 7, apa mpomwe anthu amasokonezeka, ndiye chongani pa kalendala kapena kumapeto kwa buku lanu la kuchipatala tsiku lililonse mwamwa. Mukaiwala ndipo sipanadutse maola 12, imwani. Akadutsa, isiyeni, mudikire nthawi ya mawa, osaphatikiza awiri. Mukasanza mutamwa kale musabwereze. Amene ali woyembekezera pakhomopo asagwire makapisoziwa, apereke wina, ndipo woperekayo asambe m'manja ndi sopo.

Kawirikawiri amakupatsaninso dexamethasone, timapilitsi tating'ono tomwa masiku osankhidwa okha. Ameneyu ndi wa m'mawa, mutadya kaye, apo ayi mugona maso ali gwa. Amakweza shuga, ndiye ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi mukayezetse.

Tulo ta thalidomide timatha kufika mpaka m'mawa, ndi chizungulire mukadzuka mofulumira, khalani kaye pansi pang'ono musanaimirire. A kabaza, oyendetsa galimoto ndi inu ogwira pa makina ku fakitale ya tiyi, masabata oyambirira onani kaye m'mene thupi likumvera. Mowa, kaya kachasu kaya masese, umawonjezera tuloto, piritoni nayenso chimodzimodzi.

Chomwe chimapha mwachangu ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha, makamaka mukamamwa limodzi ndi dexamethasone. Mwendo umodzi ukatupa, katumba kuwawa, kutentha, chonde musathowe, musasisite, musateme mphini, chifukwa chibuluma cha magazicho chikhoza kusuntha n'kukatseka m'mapapo. Kubanika mwadzidzidzi, chifuwa kubaya, kutsokomola magazi, kukamwa kupindika kapena mkono kufooka mbali imodzi, apo musadikire tsiku la kiliniki kapena kuyamba kusonkha thiransipoti ya ku Blantyre, pitani chipatala chomwe chili pafupi, kaya pa boma ku Mulanje, ku Mission, ku Thyolo kapena ku Malamulo, ndipo mukafika tchulani dzina la mankhwala anu msanga, asonyezeni paketi. Adokotala amapereka asipirini kapena jakisoni wosungunula magazi kuti ateteze zimenezi, imwani monga anenera, osadziyambira nokha kapena kudzisiyira. Ulendo wa minibasi kuchokera ku Muloza kapena pa Chitakale mpaka ku Limbe, kaya mudzera Midima kaya ku Luchenza ndi Bvumbwe, munthu umakhala wopanikizika miyendo itapindika katundu ali pamaondo, ndiye muzigwedeza mapazi, muzimwa madzi, ikaima nthawi yaitali tsikani muwongole miyendo. Kunyumba nako osangogona pa mphasa tsiku lonse ngati mungathe kuyenda pang'ono. Fodya musiye.

Dzanzi ndi lomwe anthu amabisa kwambiri, mwina poopa kuti awachotsera mankhwala, mwina poti omwe amamwa ma ARV kapena isoniazid wa TB analizolowera kale. Koma la thalidomide likakhalitsa mitsempha imatha kuonongekeratu osabwereranso mwakale ngakhale mutasiya kumwa. Limayamba ku zala za kumapazi kapena za m'manja, kunyerenyesa, kuyaka, patapata kuvuka osamva, batani la malaya kukanika kumanga, wothyola tiyi kumaona kuti nsonga zikupulumuka m'zala. Nenani likangoyamba, adokotala akhoza kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala zinthu zisanafike patali. Nthawi ya chiperoni samalani ndi mbaula, phazi la dzanzi limapsa mwini wake osamva, gadiyani aziona mapazi madzulo alionse ndi kuyesa madzi osamba ndi dzanja lake.

Kudzimbidwa kumabwera kwa anthu ambiri omwa thalidomide, makamaka ngati akumwanso mofini. Papaya, mapeyala, nanazi, nkhwani, bonongwe, nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, zonsezi tili nazo konkuno. Masiku atatu osachita chimbudzi pemphani mankhwala ofewetsa. Koma lenalidomide amathanso kutsegula m'mimba. Madzi imwani ambiri, malita 2 kapena 3 patsiku pokhapokha adokotala atakuletsani, chifukwa myeloma imaononga impso, ndipo pa chifukwa chomwechi bulufeni, diclofenac ndi indosidi za pa golosale zisiyeni ngakhale msana ukuwawa chotani.

Magazi muziyezetsa tsiku lomwe akuuzani ngakhale mukupeza bwino, lenalidomide makamaka amatsitsa asilikali a m'thupi ndi tizigawo toumitsa magazi pabala mwakachetechete. Thupi likatentha kufika 38 kapena mukunjenjemera, ife timathamangira kunena kuti ndi malungo n'kugula LA, koma kwa munthu wa asilikali ochepa kachilombo wamba kakhoza kumugwetsa usiku umodzi, ndiye pitani akayeze malungo ndi magazi onse tsiku lomwelo. Kamfuno, usinini kutuluka magazi, mabala akuda pakhungu osamenyedwa, chimbudzi chakuda, nazonso n'zopita nazo msanga. Totupa pang'ono toyabwa kauzeni adokotala, koma khungu likayamba matuza, kusupuka, zilonda m'kamwa ndi maso kufiira, lekani kumwa pomwepo muthamange, ndipo munene ngati mukumwanso bactrim chifukwa nayenso amachita zomwezo.

Ma ARV musasiye. Za zitsamba auzeni adokotala poyera zomwe mukumwa, sakumenyani. Magazi musapereke nthawi yonse muli pa mankhwalawa ndi mwezi umodzi mutasiya.

Sungani makapisozi m'paketi yake, pouma, m'chikwama chokhoma kapena pamwamba pomwe ana safika. Werengani otsala sabata iliyonse kuti ndalama ya ulendo muyambe kufuna asanathe. Wina pamudzi akamadandaula msana kapena kusowa tulo musamugawireko ngakhale mmodzi, ngakhale akhale mchemwali wanu. Adokotala akasintha mankhwala, kapena wodwala akatisiya, makapisozi otsala asalowe m'gulu la katundu wogawana, musataye kudzala kapena m'chimbudzi, abwezeni ku famase ya chipatala komwe munawatenga.