Kwaya ndi mpikisano pa njinga ya olumala: mapewa, mpweya ndi khungu

Ku Zimbabwe kuno zitsanzo za olumala amene anapambana pa kuyimba ndi pa masewera zilipo. Paul Matavire anali wosaona koma anatchuka ndi Jairos Jiri Band, ndipo Elliot Mujaji, ali woduka mkono, anatenga golide pa liwiro la mamita 100 pa mpikisano wa olumala wa Paralympics ku Sydney mu 2000 ndi ku Athens mu 2004. Ngati mumayendera njinga ya olumala ndipo mukufuna kuyimba komanso kuthamanga, pitani kaye kwa afiziyo (achipatala oona za minofu ndi mafupa) akupimeni, monga ku chipatala cha St Giles ku Milton Park mu Harare, kenako kafunseni za masewera ku Danhiko, malo a maphunziro ndi masewera a olumala ku Msasa.

Chimayamba kuvuta ndi mapewa. Njinga yampikisano ili ndi mateyala atatu, ndipo mkombero wake wopalasira sagwira ndi zala, amaumenya ndi chibakera atavala magolovesi olimba. Wougwira amasupuka zala, liwiro n'kuthera pomwepo. Yambani ndi mphindi 20, katatu pa sabata. Popeza kupalasa kumalimbitsa makamaka pachifuwa, mangani chubu chakale cha njinga pachitseko n'kumachikokera kumbuyo ka 15, maulendo atatu. Mukapanda kutero mapewa amagwera kutsogolo, nthiti zimapanikizika, ndipo mawu amakuthawani pakati pa nyimbo.

Poyimba bwererani panjinga ya masiku onse. Matako afike kumbuyo kwenikweni, kapilo kakhale m'chiuno, mapazi aponde popondera. Ikani dzanja pamchombo, kokani mpweya mpaka mimba itukuke, ndiye muutulutse pang'onopang'ono ngati teyala lobooka, mukuwerenga mpaka 10. Pakapita masabata mufike 20. Maikolofoni atsitsidwe afike pakamwa, chifukwa wosuzumira m'mwamba amauma pakhosi. Ansembe ndi akulu ampingo ku Mbare kapena ku Mufakose muwauze zimenezi kusanayambike, osati nyimbo ili mkati.

Khungu la pamatako lokha musalichitire chibwana. Mphindi 15 mpaka 30 zilizonse weramirani kutsogolo kapena pendekerani mbali kuti magazi ayende, ngakhale ulaliki uli pakati. Madzulo dziyang'aneni pagalasi. Pamene pada, patentha kapena pauma gwa osabwerera mwakale, chilonda chayamba, musakhalirepo mpaka achipatala aone.

Mu Okutobala palasani m'mamawa, botolo lamadzi lili pafupi, poti ovulala msana ambiri satuluka thukuta bwino. Mutu ukayamba kugunda mwadzidzidzi, khalani tsonga msana uli woongoka, masulani zothina, onani ngati chikhodzodzo chadzaza kapena paipi ya mkodzo yapindika. Ukapanda kuleka, thamangirani kuchipatala.