Mafuta a power steering akawira, musathamangire kugula pampu

Madalaivala ambiri a Land Cruiser ndi Hilux amene amanyamuka kuno ku Mzuzu kupita ku Usisya, ku Nyika kapena kukakwera Golodi, msewu wa m'phiri wopita ku Livingstonia, kuchokera pa Chitimba amadandaula zofanana. M'mawa chiwongolero chimakhala chopepuka, koma akafika m'makhota a phiri pampu imayamba kulira, chiwongolero n'kulemera, mwina mafuta n'kusefukira pachivindikiro. Akafika kugalaja amauzidwa kuti pampu yatha. Kawirikawiri pampuyo imakhala ilibe mlandu.

Yambani ndi manja anu omwe. Pampu imayendetsedwa ndi injini, kudzera pa lamba kapena magiya, ndipo imakankha mafuta nthawi yonse imene injini ikulira. Mukakhotetsa chiwongolero mpaka chigunde n'kupitiriza kuchikanikiza, mafuta amasowa kolowera. Valavu ya m'kati mwa pampu imatseguka, mafuta n'kumangozungulira momwemo, mphamvu yonse n'kusanduka kutentha. Pa Golodi pali makhota pafupifupi 20, ena ofunika kubwerera m'mbuyo kaye kuti mukhote. Pamenepo injini imakhala ikuzungulira kwambiri pa low range, giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono, pamene galimoto ikuyenda ngati nkhono, mphepo yoziziritsa palibe. Choncho mukamva kuti chiwongolero chagunda, chibwezeni pang'ono. Musachigwire pamenepo kupitirira masekondi 5. Mukatitimira m'matope, lekaninso kupotokola uku ndi uku tayala litakanirira. Tulutsani fosholo, mulikumbire njira.

Zikakuchitikirani panjira, imani, muzimitse injini, mudikire kuti zizizire. Mafuta otenthawa amawotcha khungu, musatsegule msanga. Kenaka onani mulingo pa zizindikiro za HOT ndi COLD. Magalimoto a Toyota amenewa amagwiritsa ntchito ATF (mafuta a giya ya otomatiki) ya Dexron, yomwe imakhala yofiira. Ikada n'kumanunkha kupserera ndiye kuti yatha mphamvu, ndipo kungothirapo ina pamwamba n'kutaya ndalama, ichotsedwe yonse. Mukaona thovu, dziwani kuti mpweya ukulowa, kawirikawiri pa kalampu yomasuka kapena pa paipi yarabala yong'aluka yochokera m'kathanki kupita ku pampu. Malo otere amayamwa mpweya ngakhale pasakudontha kanthu, n'chifukwa chake ambiri sawaona. Za kuthira brake fluid poti ndi imene ilipo, iwalani. Imadya ma seal, timarabala totchinga mafuta kuti asadonthe.

Ambirife timaiwala paipi yachitsulo yopindika imene ili kutsogolo kwa radiator. Ntchito yake ndi kuziziritsa mafuta pobwerera. Mvula ya kuno imachedwa kusiya, ndipo matope ofiira akaumira pa paipiyo kutentha sikutuluka. Kutsogolo kwake ena aikanso bull bar, winch ndi nyali zikuluzikulu, mphepo n'kusowa podutsa. Itsukeni ndi madzi mukangochoka kumatope. Pansi pa kathanki palinso kasefa kamene kamatsekeka ndi nyenyeswa za rabala ndi litsiro. Kakatsekeka pampu imaperewera mafuta, n'kumalira ngati yatha. Masulani kathankiko, mukatsuke, kaume bwino musanakabwezere.

Pa pampu yoyendetsedwa ndi lamba, lambayo ngati ndi womasuka kapena wasalala mpaka kunyezimira, mumangeni kapena musinthe.

Matayala akuluakulu oposa amene galimoto inabwera nawo amasangalatsa m'maso, koma amalemetsa pampu, makamaka mukawaphwetsa kuti agwire m'matope. Mukabwerera pa tala, apopeninso. Kuti mudziwe ngati vuto lili kumiyendo, kwezani kutsogolo konse ndi jeke, muike zochirikiza, mukhotetse chiwongolero injini ili yozima. Chiwongolero chikamalimbabe matayala ali m'mwamba, fufuzani ma ball joint kapena mabering'i a kingpin amene auma girizi.

Galimoto ili m'mwamba chomwecho ndi pamenenso mumatulutsira mpweya mukasintha mafuta. Khotetsani pang'onopang'ono mbali zonse maulendo pafupifupi 20, mukuwonjezera mafuta mulingo ukatsika, kenaka mulize injini mubwerezenso mpaka thovu lithe.

Zonsezi zikakhala bwino koma pampu ikulirabe mafuta ali ozizira, pamenepo ndiye tikambe za pampu ina. Amene galimoto yawo imakhalira misewu ya ku Chelinda ku Nyika ndi ya ku Usisya achita bwino kuikitsa cooler yoonjezera yoziziritsira mafutawa. Muuzeni makaniko ailumikize pa paipi yobwezera mafuta ku kathanki, chifukwa pa paipi yochokera ku pampu idzaphulika.