Momwe mungaperekere zinthu zamakedzana za pakhomo panu ku myuziyamu

Chishango cha agogo athu chinakhala kudenga kwa khitchini mpaka utsi ndi njenjete zinachimaliza. Tsiku lomwe tinachitsitsa chinangoyoyoka m'manja, ndipo pamudzi panalibe wotsala wotiuza ngati chinapitako kunkhondo kapena chinali chongovinira ngoma pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala. Ngati kwanu kuli mkondo, mbiya, mikanda, makalata kapena chitupa cha nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, musadikire kuti zifike pamenepo.

Yambani ndi munthu, chinthucho chidikire. Yalani mphasa, khalani ndi wamkulu amene akuchidziwa, mutsegule foni ijambule mawu. Funsani mofatsa: "Ambuya, ichi chinali cha yani? Anachipanga okha kapena anagula? Ankachitcha chiyani?" Akaiwala chaka, musawapanikize. Afunseni kuti pampando panali mfumu iti, kapena ngati ufulu wa 1964 unali utabwera kale. Lembaninso papepala dzina la mudzi ndi mfunda wa mwini wake. Kwa ine apa ndiye pagona ntchito yonse, chifukwa mkondo wopanda mbiri yake ndi chitsulo chadzimbiri basi.

Kenako banja ligwirizane. Amalume ndi azakhali avomere, makamaka polemba, kuti mawa wina asadzati munagulitsa chuma cha mbumba. Za ufumu zimadzera kwa mfumu. Za kudambwe si zanu, zisiyireni akuluakulu a gule.

Musatsuke, musapake mafuta, musamate ndi guluu. Azakhali anga anakwecha mbiya ndi mchenga kuti "ioneke bwino kwa alendo", mwaye ndi zotsalira za m'kati zonse zinapita, pomwe akatswiri amaziyeza kuti adziwe chomwe chinkaphikidwamo. Ingochijambulani mbali zonse, mutaika rula kapena bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kuoneke.

Zithunzizo ndizo zitsogole ku myuziyamu, katundu atsale kunyumba. Pafupi tili ndi Nsingo Community Museum ku Feni, yotchedwa dzina la Nsingo amene Angerezi anamupha mu 1898, mwana wa Mpezeni mfumu yaikulu ya Angoni. Za Angoni zimakhala pakwawo kumeneko. Palinso za boma pansi pa National Museums Board, monga Lusaka National Museum ndi Livingstone Museum. Akhoza kukana ngati zotere ali nazo kale, musakhumudwe. Akavomera, mveketsani ngati mukupereka kotheratu kapena mukungobwereketsa, popeza chopereka kotheratu sichibwerera. Sainani fomu, tengani kope lanu, funsani nambala imene achilembera m'kaundula. Dziwaninso kuti zambiri zimasungidwa kuchipinda, si zonse zimaikidwa pagalasi.

Zotola pansi zili ndi lamulo lakelake. Khasu likatukula mapale, mikanda, mafupa kapena zotsalira za ng'anjo, lekezani pomwepo. Musakumbe kuti muone zambiri. Jambulani, ikani chizindikiro, uzani anyakwawa, ndipo dziwitsani msanga a National Heritage Conservation Commission, bungwe la boma la Zambia loteteza malo ndi zinthu zamakedzana. Lamulo la 1989 limaletsa kukumba, kusuntha kapena kutulutsa m'dziko zinthu zotere popanda chilolezo chawo. Chifukwa chake n'chomveka: kuphanga la Kalemba ku Chadiza, katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba mu 1971 akutsata dothi pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ndipo dothilo ndilo linaonetsa kuti anthu ankakhala pamenepo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Timiyala tomweto titabwera m'thumba la shuga, sitikananena kanthu.

Tsiku lopita nazo, kulungani chilichonse pachokha m'chitenje chouma, osati m'pulasitiki yosunga chinyontho. Mbiya muinyamule pansi ndi manja awiri, osagwira kukamwa. M'minibasi ikhale pamiyendo panu, ngakhale kondakitala alimbikire kuti kubuti kuli malo.